Nyemba Imene Inakula Masentimita 26 Tsiku Limodzi

Lachitatu lina masana mwana wathu Kabatani anafika kunyumba misozi ili chuchuchu. Anaponya chikwama pansi pa tebulo, n'kukakhala pakhomo atagwira tsaya.

"Amayi, ine kusukulu sindipitanso," anatero.

"Wakumenya ndani?"

"Palibe. Aphunzitsi akuti ndalemba bodza."

Anandipatsa kope lake. Pansi pa tsamba panali mawu a inki yofiira akuti, "Uzilemba zimene waona, osati zopeka." Mtima unandiwawa. Kabatani ali ndi zofooka zake, amaiwala kutsuka kapu, amataya mapensulo ngati timachita kutola m'njira, koma bodza ayi. Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti Lachisanu la sabata yotsatira linali tsiku la makolo, pamene mwana aliyense wa Sitandade 4 amayenera kuimirira n'kuwerenga kope lake pamaso pa anthu. Kuwerenga mokweza kunkamuvuta kale mwanayu. Akafika pa liwu lalitali ankangoti kakasi, mawu n'kuthawa. Tsopano ankanenetsa kuti tsikulo sadzaoneka n'komwe.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, ndiyambe ndi mwamuna wanga. Bambo a Kabatani ndi telala. Makina awo amakhala pakhonde, pafupi ndi benchi imene ndimagulitsirapo tomato. Tepi yoyezera imakhala m'khosi mwawo kuyambira m'mawa, ndipo tsiku lina ndinachita kuwabweza pakhomo la bafa ali nayo. Dzina loti Kabatani anapereka ndi iwo, poti mwanayo anabadwa wamng'ono ndi wobulungira. Ndi munthu wabwino mwamuna wangayu, koma ali ndi nthenda imodzi yosamva mankhwala: safuna kupambanidwa ndi aneba athu, akalipentala. Akalipentala akapenta chitseko, ife timapenta chitseko ndi mazenera omwe. Akalipentala akatsegula wailesi, yathu imakwera mpaka tomato kunjenjemera pabenchi.

Masabata awiri m'mbuyomo, aphunzitsi anali atapatsa mwana aliyense nyemba yoti akadzale m'chitini. Anawauza kuti m'mawa uliwonse aziiyeza ndi rula, azilemba chiganizo chimodzi kapena ziwiri, azijambula, ndipo akaweruka aziwerengera kholo zimene alemba. Kabatani anaboola chitini chakale cha mkaka, anadzala nyemba yake, n'kuiika pazenera la kuseri kwa nyumba.

Bambo ake ataona anapukusa mutu. "Ife timatumiza mwana kusukulu kuti akaphunzire, iwo akutibwezera mlimi wa m'chitini?"

Masana aliwonse mwanayo ankabwera ndi kope. "Bambo, ndikuwerengereni?"

"Kawerengere amayi ako, ine ndikuthamangitsa diresi la eni ake."

Nane ndisadziyeretse. Ankabwera kwa ine, ine n'kumati, "Eee, eee, wakhoza," maso ali pa tomato, khutu lili kwa ogula. Mukanandifunsa zimene wawerenga, ndikanangokuyang'anani.

Dzulo lake la tsiku la misozi lija, ndikuanula zovala, ndinamva akalipentala akuitana kuseri kwa mpanda. Mwana wawo wamkazi ali m'kalasi imodzi ndi wathuyu.

"Aneba! Nyemba ya kwathu kuno yafika fifitini. Yanu ili pati?"

"Ikubwera bwino," anayankha mwamuna wanga, mawu ali ouma.

Kenako ndinawaona akuzembera kuseri, tepi ili m'manja. Pobwera anali ndi nkhope ngati ya munthu amene wadula nsalu ya eni ake molakwika. Sindinalabadire. M'mawa mwake ndinalawirira kukapikula tomato, ndipo ndinasiya Kabatani akusamba.

Tsopano, nditakhala pakhomo ndi mwana wolirayo, ndinachita chimene ndinayenera kuchita kalekale: ndinawerenga kope lija. "Lachiwiri, tsiku la 11. Nyemba yanga yatalika masentimita 15. Ili ndi masamba asanu." Pansi pake panali za tsikulo. "Lachitatu, tsiku la 12. Nyemba yanga yatalika masentimita 41. Rula yandichepera. Masamba ake amera ubweya. Ikuoneka yotopa."

Ndinanyamuka kupita kuseri. M'chitini muja munali chimera chachitali, chofota, chitamangidwa kukamtengo ndi ulusi wachikasu. Ine ndinakulira kumunda, mpendadzuwa ndimaudziwa ngakhale uli wakhanda. Ulusi wachikasuwo ndinaudziwanso, chifukwa diresi limene linali pamakina sabata imeneyo linali lachikasu.

"Bambo a Kabatani, tabwerani mudzaone zodabwitsa!"

Makina anasiya kulira. "Ndili pa ntchito, mayi."

"Ntchito idikire."

Anabwera akukoka miyendo.

"Ichi n'chiyani?" ndinafunsa.

"Nyemba."

"Nyemba yaubweya?"

"Mbewu za masiku ano n'zambiri, mayi. Akatswiri sakugona."

"Nanga ulusiwu, nyembayo yadzimanga yokha?"

Anayang'ana ulusi, anayang'ana kumwamba, anakanda m'mutu. Kenako anatsitsa mawu. "Ndimangofuna kuti mwana asakachite manyazi. Ya akalipentala yafika fifitini, yathu sikisi yokha. Sikisi, mayi! Ndiye ndinapita kudzala la zinyalala, ndinapeza iyi ya sikisitini. Ndinati tiwapose ndi imodzi yokha, kuti zisakayikitse."

"Koma m'kopemu mwana analemba fifitini dzulo lomwelo."

"Analakwitsa. Ndinayeza ndekha. Zaka makumi awiri ndikuyeza anthu, ndilephere nyemba?"

Sitinadziwe kuti Kabatani waima kumbuyo kwathu. Anapukuta mphuno ndi mkono n'kufunsa, "Bambo, munayeza ndi mbali iti ya tepi?"

"Mbali imene ndimayezera masiku onse."

Mwanayo anakoka tepi m'khosi mwa bambo ake. Anatsina pa nambala 6 ndi zala ziwiri, n'kuitembenuza osasuntha zalazo. Kuseri kwake kunali nambala 15.

"Uku ndi mainchesi, uku ndi masentimita," anatero. "Kusukulu timayeza masentimita. Yanga ndi ya mnzanga zinali zofanana. Ndinabwera dzulo kuti ndikuwerengereni, munati mukusoka."

Mwamuna wanga anatembenuza tepi ija kangapo ngati akuiona koyamba. Zaka zonsezi mbali inayo ankaiyesa yokongoletsa. Ine kuseka kunandifika pakhosi, koma nditayang'ana nkhope ya mwana kunabwerera komweko.

"Ndiye aphunzitsi azinditcha wabodza chifukwa cha inu?" anafunsa Kabatani. "Anzanga onse andiseka. Akuti mawa nyemba yanga iboola denga."

Apa m'pamene bambo ake anamva kuwawa kwenikweni. Anakhala pansi pa dothi pomwepo, ndi buluku lawo lositasita. "Ndakulakwira, mwana wanga," anatero. "Nyemba yako sindinataye. Mtima sunalole."

Tinakaipeza pansi pa tebulo la makina, m'chitini cha mabatani, ataivundikira ndi zidutswa za nsalu. Inali itapindika pang'ono koma yamoyo. Mabataniwo anali atawakhuthulira m'chipewa chawo chovala popita ku misonkhano.

M'mawa mwake tinapita kusukulu tonse atatu. Ine ndinatsatira poopa kuti munthu angabwerere panjira. Bambo a Kabatani anali patsogolo, chitini kudzanja ili, chitini kudzanja linalo, anthu m'njira akuwafunsa ngati asiya utelala. Tinafika belu lisanalire, ndipo tinapeza aphunzitsi akupukuta bolodi.

Mwamuna wanga anafotokoza zonse, ngakhale anayambira kutali kwambiri, ku mbiri ya mpanda wathu ndi wa akalipentala. Aphunzitsiwo, mayi wamfupi wa magalasi, anayesetsa kudzigwira. Atamva za mainchesi anatembenukira kubolodi, mapewa akugwedezeka. Atatha anagwada pafupi ndi Kabatani.

"Pepa, mwana wanga. Ndinafulumira kulemba ndi inki yofiira ndisanakufunse. Iwe unalemba zimene unaona, ngakhale zinali zosamveka. Ukanakhala wina ukanalemba 16 kuti undisangalatse. Ndidzanena pamaso pa anzako onse kuti sunaname."

Kabatani anangogwedeza mutu, koma ndinaona mapewa ake akutsika.

"Madamu, mundikhululukire kufunsa," anatero mwamuna wanga. "Nyemba imodzi, ya m'chitini, ikuphunzitsa chiyani? Ife kale tinkaphunzira masamu pa nthawi ya masamu, basi."

"Tayang'anani m'makomamu, bambo," anayankha aphunzitsi.

Tinayang'ana. Ndinachita manyazi kuti chaka chonse ndinali ndisanalowemo m'kalasi ya mwana wanga. Pakhoma lina panali zojambula za ana, chilichonse chili ndi mivi yoloza muzu, tsinde ndi tsamba. Pakhoma lina panali pepala lalikulu la mizere yokwera ngati makwerero, losonyeza mmene nyemba zikukulira. Pazenera panali zitini zitatu: china chothiriridwa, china chouma, china chovundikiridwa ndi katoni. Pakona panali bokosi la mabuku a nthano ndi mphasa yokhalapo powerenga.

"Akamayeza ndi kuchotsera kutalika kwa dzulo pa kwa lero, amenewo ndi masamu," anatero aphunzitsi. "Akamaona kuti chomera chimafuna madzi ndi kuwala, imeneyo ndi sayansi, ndi ulimi womwe. Akamajambula, ndi luso la manja. Akamalemba chiganizo chake n'kuchiwerenga mokweza, ndiye kuwerenga ndi kulemba kumeneko. Mwana amawerenga msanga zinthu zimene waziona ndi maso ake kuposa mawu ongoloweza. Ndipo kudikira nyemba kumaphunzitsa kuleza mtima, phunziro limene ena analiphonya."

Mwamuna wanga anatsokomola.

"Nanga amene nyemba yake yatalika kwambiri alandira chiyani?" anafunsa.

"Palibe. Si mpikisano. Ngakhale nyemba itafa, mwana akalemba tsiku limene yafa ndi chimene akuganiza kuti chaipha, wakhoza. Chimene ndinapempha kwa makolo n'chimodzi chokha: kumvetsera mwana akamawerenga. Kodi mumamumvetsera?"

Ine ndinayang'ana zikhadabo zanga. Mwamuna wanga anayamba kupinda ndi kufunyulula tepi. Ataona kuti Kabatani watuluka kukaika zitini padzuwa, analankhula motsitsa.

"Madamu, ine sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Manambala a pa tepi ndimawadziwa, koma zilembo zikachuluka zimandizungulira. Ndimaopa kuti akalakwitsa sindidziwa pomukonzera, ndiye mwana adzaona kuti bambo ake ndi mbuli."

Zaka zonse zimene takhala m'banja, mawu amenewa anali asanawatulutsepo. Ndinkadziwa kuti makalata amandipatsa ine ponamizira maso, koma sindinkadziwa kuti n'chifukwa chake ankathawa kope la mwana. Chisoni chinandigwira, ndipo ndinaiwala zonse zimene ndinakonza zokawanyogodola kunyumba.

"Kukonza ndi ntchito yanga, bambo," anatero aphunzitsi mofatsa. "Yanu ndi kumvetsera. Mphindi khumi patsiku zakwana. Akamaliza muzimufunsa kuti, 'Watanthauza chiyani? Chinachitika n'chiyani kenako?' Akakakamira pa liwu lalitali musamuthamangitse, muuzeni alidule m'maphatikizo, atchule pang'onopang'ono. Ndipo tepi yanuyo ndi buku la masamu lathunthu. Musiyeni ayeze chilichonse m'nyumba. Zomera ziwirizo azisunge zonse, azizifananiza. Mwatipatsa phunziro laulere."

Kuyambira tsiku limenelo, nthawi ikakwana folo koloko makina ankasiya kulira. Bambo a Kabatani ankachotsa nsalu pampando, mwana n'kukhala pambali pawo ndi kope, ine n'kusendeza benchi ya tomato kufupi. Tsiku loyamba zinali zovuta. Mwanayo ankawerenga ngati akuponda paminga, bambo ake akutuluka thukuta ngati akuwerenga ndi iwo. Akakakamira, iwo ankamenya bondo ndi chala pang'onopang'ono, kugunda kumodzi phatikizo limodzi, mpaka liwu litatuluka.

Loweruka kunabwera bambo wina kudzatenga buluku lake, ali pachangu. "Atelala, buluku langa lija?"

"Khalani pansi, achimwene. Tikumva kaye za tsamba lachisanu ndi chiwiri la nyemba."

Munthuyo anakhala akung'ung'udza, koma pomaliza ndi iye amene anafunsa chifukwa chake masamba a nyemba amabwera atatuatatu pamene a mpendadzuwa amakhala limodzilimodzi. Kabatani anati akafunsa kusukulu, ndipo Lolemba anabwera ndi buku la m'bokosi lija.

M'nyumba monse munayezedwa. Chitseko, benchi, phazi langa, ngakhale mchira wa mphaka, amene sanagwirizane nazo. Kabatani analembanso timapepala n'kumata pa zitini za bambo ake: MABATANI, ULUSI, MAZIPI, SINGANO. Tsiku lina ndinawapeza okha pakhonde akuloza kapepala ndi chala, milomo ikuyenda. Ndinabwerera mwakachetechete ngati sindinaone.

Lachinayi mwanayo anafunsa, "Bambo, za tsiku la 12 zija ndikawerengenso mawa? Kapena ndidumphe?"

Mwamuna wanga anayang'ana kumpanda. Ndinaona kuti akuganiza za akalipentala. "Ukawerenge zonse," anatero. "Uwonjezerenso amene anachita."

Tsiku la makolo kalasi inadzaza. Tinapanikizana m'timadesiki ta ana, maondo ali m'chibwano. Akalipentala anakhala kutsogolo atapinda manja. Ana anawerenga mmodzimmodzi, ena mothamanga, ena monong'ona. Atatchula Kabatani, ndinadzidzimuka ngati ndine ndaitanidwa.

Anaimirira, kope lili m'manja. Anayamba motsitsa. Tsiku loyamba, lachiwiri, lachisanu, mawu akukwera pang'onopang'ono. Atafika pa tsiku la 12 anapuma, n'kuwerenga momveka bwino.

"Nyemba yanga yatalika masentimita 41. Dzulo inali 15. Kusiyana kwake ndi masentimita 26. Nyemba singakule choncho tsiku limodzi. Ndafufuza ndipo ndapeza kuti bambo anga anachotsa nyemba n'kuikamo..."

Anaima. Liwu lalitali lija linali litamutsekera njira. Wina kumbuyo anatsokomola. Ndinaona maso ake akuyamba kunyowa, ndipo ndinati basi, zathera pano. Koma mwanayo anakweza mutu n'kuyang'ana bambo ake. Iwo anakweza chala, n'kuyamba kumenya bondo pang'onopang'ono. Kamodzi, kawiri, katatu, kanayi.

"Mpe-nda-dzu-wa," anatero Kabatani. "Mpendadzuwa! Anayeza ndi mainchesi m'malo mwa masentimita. Tsopano akudziwa mbali zonse ziwiri za tepi."

Anthu anafa nacho chiseko. Mwamuna wanga anaimirira, desiki ikubwera nawo m'miyendo, n'kuweramira mbali zonse ngati walandira mphotho. Akalipentala anaseka mpaka kupukuta misozi, akumenya desiki ndi chikhatho. Kabatani anadikira kuti phokoso lithe, ndipo anawerenga mpaka tsiku lomaliza osaimanso.

Wotsatira anali mwana wa akalipentala. Anawerenga bwino ndithu, mpaka anafika pa tsiku la 13. "Bambo anamva kuti nyemba ya kwa aneba yafika 41. Anaikoka yanga kuti italike. Inaduka."

Sindinaonepo munthu wamkulu akuyesa kubisala kuseri kwa desiki ya mwana ngati tsiku limenelo. Mwamuna wanga anawoloka kalasi yonse kukawagwira chanza.

Pobwerera Kabatani anayenda pakati pathu, kope lili pachifuwa. Pansi pa mawu ofiira aja aphunzitsi anali atalemba ena: "Wanena zoona, ndipo wawerenga bwino." Anatiwerengera yekha kawiri konse. Titafika pakhomo anafunsa, "Bambo, za nyemba zatha. Mawa ndikuwerengereninso?"

"Folo koloko," anayankha. "Makina adikira. Ubweretse buku lokhala ndi mawu ataliatali, nane ndiyeseko."

Mpendadzuwa uja tinauoka pafupi ndi khonde. Unachira, unatalika kuposa denga, ndipo unachita duwa lalikulu ngati mbale. Anthu a mumsewu wathu mpaka lero amautcha nyemba ya atelala.

Makolo anzanga, zimene tinaphunzira ife ndi izi. Ntchito imene mwana wabwera nayo kuchokera kusukulu, ngakhale ioneke ngati masewera, imakhala itanyamula masamu, sayansi, kulemba ndi kuwerenga pamodzi. Musamuchitire, ndipo musamupikisanitse ndi mwana wa aneba. Kaoneni kalasi yake, funsani aphunzitsi pamene simukumvetsa. Koposa zonse, patulani mphindi khumi tsiku lililonse kuti akuwerengereni. Simukufunika kukhala wophunzira kwambiri kuti mumvetsere mwana wanu. Ife tikanamvetsera chiganizo chimodzi chokha Lachiwiri lija, mwana wathu sakanalira Lachitatu.